Mowa wa Pamsana wa a Sindinagone

Bambo anga anali wometa tsitsi. Kachipinda kawo kanali pakati pa wokonza njinga ndi sitolo ya mankhwala. Munali mpando wozungulira umene unasiya kuzungulira ine ndisanabadwe, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi shelefu ya makina ometera, malumo, zipeso, paudala ndi botolo la sipiliti wopukutira m'mutu. Dzina lawo lenileni linkamveka ku tchalitchi kokha. Mumsewu monse anali a Sindinagone.

Dzinalo anadzipatsa okha mosadziwa. Munthu akawafunsa kuti mwadzuka bwanji, ankayamba ausa moyo, kenako n'kuyankha kuti amadzuka ndi amene anagona, iwo sanagone. Chowalanda tulo chinkasintha ndi nyengo. Kukazizira anali mawondo. Kukatentha unali mutu, mbali ya kumanzere, kuseri kwa diso. Panalinso chinthu china chinkayenda pansi pa nthiti, chimene ankachilondola ndi chipeso pamalaya awo kuti kasitomala aone pagalasi njira imene chadutsa. Ife a m'nyumba tinkadziwa kuti amagona, chifukwa mkonono wawo unkaboola khoma, koma mwana satsutsa bambo ake pa za tulo tawo.

Ntchito yawo inali ndi ubwino umodzi waukulu: munthu wometedwa theka sathawa. Akangomumanga nsalu m'khosi n'kudutsa makina kamodzi pakati pa mutu, ndiye kuti apeza womvera mpaka mapeto. Anthu ankabwerabe chifukwa dzanja lawo linali lopepuka ndipo mzere wa pamphumi ankaudula mowongoka ngati agwiritsa ntchito rula. Ena anaphunzira kutseka maso n'kumangoti "pepani" apo ndi apo. Amayi anali katswiri pa zimenezi. Ankatha kunena "pepani abambo" akusita, akuwerenga, ngakhale akulankhula ndi munthu wina, osatembenuka n'komwe.

Matenda akawathera, bambo ankalalikira za mowa. Sanaulawepo chibadwire, ndipo ankafuna aliyense adziwe. Munthu akakhala pampando akununkha za dzulo, ankamuuza mmene chiwindi chimaolera, lumo lili pakhosi pake, moti panalibe wotsutsa. Wolandira ulaliki umenewu kuposa onse anali amalume, achimwene awo a amayi, amene ankapenta nyumba za anthu ndipo ankati penti amauma msanga wopenta akanyowetsa kukhosi. Amalume ankametedwa ulere, ndiye ankalipira ndi makutu. Ankangoyankha kuti alamu, inu osamwa mumadwala tsiku lililonse, ine wakumwa sindidziwa khomo la chipatala, tsono mankhwala ali mbali iti.

Ku chipatala chaching'ono cha kwathu bambo ankadziwika ngati wantchito wa pomwepo. Anamwino ankawapatsa mapiritsi a mutu asanamalize kufotokoza, bambo n'kubwerera akudandaula kuti masiku ano madokotala samvera.

Chaka chimene ndinabwerera kunyumba ukwati wanga utatha, bambo anasiya kudandaula. Sizinachitike tsiku limodzi. Mawondo anayamba kusowa m'nkhani zawo, kenako mutu, kenako chinthu cha m'nthiti chija. M'mawa wina wokonza njinga anawapatsa moni, iwo n'kuyankha kuti adzuka bwino, kaya inu. Wokonza njingayo anakauza wa m'sitolo ya mankhwala, ndipo pofika masana msewu wonse unali ukudziwa kuti a Sindinagone agona. Anthu anasangalala. Ena anati ndi ukalamba wawafewetsa, ena anati mapemphero a amayi ayankhidwa. Inenso ndinkasangalala, chifukwa tiyi wa m'mawa tinkamwa mwamtendere.

Amayi okha ndi amene sanasangalale. Anayamba kuwatembenukira. Anaona kuti bambo akamakwera sitepe ya pakhomo ankatsogoza mwendo wamanzere n'kukoka wamanja, kuti pometa ankatsamira mpando ndi chigongono, kuti malaya awo ankanyowa kumsana ngakhale kukuzizira. Tsiku lina amalume anabwera kunyumba atametedwa mzere wokhota ngati njira ya nyerere, akuseka kuti alamu ayamba kulawa mobisa. Amayi sanaseke. Mawa lake anatseka okha kachipinda kometera kaja n'kuwatengera bambo ku chipatala chachikulu. Dokotala atafunsa chimene chikuwavuta, bambo anati palibe kwenikweni. Amayi ndi amene anayankha.

"Adokotala, munthu uyu wasiya kudandaula. Mumuyeze paliponse."

Anawayeza magazi, anawajambula, anatibweza, tinapitanso. Inali khansa. Inayambira kumene mwana wamkazi satchula, ndipo inali itafika kale m'mafupa a m'chiuno, mbali ya kumanja. Dokotala anatiuza mosabisa kuti nthawi yoichotsa ndi mpeni inapitirira, chotsala n'kuichedwetsa ndi kuchepetsa ululu. Ndinawafunsa bambo pobwerera chifukwa chimene sananenere. Akuyang'ana pawindo la basi, anati zinthu zinazo ankadziwa pozigwira pofotokoza, koma ichi chinalibe pogwira.

Miyezi yotsatira ululu unakula. Anawapatsa mofini, mankhwala amphamvu oletsa ululu, wamadzi m'botolo, woyeza ndi kasupuni. Poyamba anathandiza. Kenako anafunika wochuluka, ndipo wochulukayo ankawasanzitsa, kuwamanga m'mimba ndi kuwagoneka tsiku lonse pakamwa pali yasa. Munthu amene anakhala moyo wonse akulengeza kuti sagona tsopano sankadzuka. Akatsitsimuka ankandiitana dzina la mlongo wawo amene anamwalira kale. Tikachepetsa mankhwala kuti atizindikire, ululu unkabwera wonse, kuchokera m'chiuno kutsika ntchafu, ndipo ankaluma ngodya ya pilo osatulutsa mawu. Achibale ankadzaza pabalaza, akunong'onezana, aliyense ndi mankhwala amene anachiritsa wina wake kwinakwake.

Pamapeto anatitumiza kwa dokotala woona za ululu, mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa. Tinapita tonse anayi, chifukwa amalume ndi amene ankawanyamula bambo powakweza ndi kuwatsitsa m'galimoto. Dokotala anawauza bambo kuti asonyeze ndi zala kukula kwa ululu, zala zonse za manja awiri zikhale ululu woposa wina uliwonse. Bambo, amene kale chithupsa chokha akanachipatsa zala zonse ndi za kumapazi zomwe, anatukula dzanja limodzi, ndipo ngakhale pamenepo chala chachikulu anachipinda. Thukuta linali likugwa pachibwano. Dokotala anawayang'ana, n'kuyang'ana amayi. Amayi anatambasula manja onse awiri.

Ndiye dokotala anafotokoza za jakisoni wa pamsana. Anati pali mitsempha imene imanyamula uthenga wa ululu kuchokera m'chiuno kupita ku ubongo, ndipo imalowera pamsana. Angathe kulowetsa singano pakati pa mafupa a msana n'kuthira mankhwala owononga mitsempha imeneyo, ya mbali yodwalayo yokha, kuti uthenga usamafike. Anabwereza kawiri kuti khansa siichoka, imakhala pomwepo ikuchita zake. Anati mitsempha imaphukanso pakapita miyezi, ululu n'kubwerera. Anatinso mitsempha ya ululu imagona moyandikana ndi yoyendetsa mwendo ndi yogwira mkodzo, choncho mwina mwendo ungafooke, mwina angafunike kapaipi kotulutsira mkodzo, ndipo chimene chawonongeka sichikonzedwa mawa lake. N'chifukwa chake, anatero, jakisoni ameneyu sapatsa aliyense, koma amene njira zina zawakanika.

Bambo anamvera zonse akugwedeza mutu. Za mwendo sanafunse. Za kapaipi anangoyang'ana pansi chifukwa ine ndinalipo. Anafunsa chinthu chimodzi, kuti mankhwala owononga mitsemphawo ndi otani.

Dokotala anati alipo a mitundu iwiri, koma kwa iwo adzagwiritsa ntchito mowa. Osati wa m'botolo la m'sitolo, koma weniweni, wosasungunula ndi dontho la madzi.

Amalume anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedera ndi kuseka. Bambo anadzikoka pampando mpaka kukhala mowongoka, kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri, n'kunena kuti adokotala, thupi ili silinalandirepo mowa, ndipo siliyamba lero.

Tinabwerera kunyumba osagwirizana kanthu. Kwa masiku angapo bambo ankaluma pilo chifukwa cha mbiri yawo. Amalume ankabwera madzulo, kukhala m'mphepete mwa bedi ndi nkhope ya maliro, n'kumati alamu musaope, koyamba kamawawa koma mudzazolowera. Ankatinso n'zomvetsa chisoni kuti munthu wadikira zaka zonsezi, ndipo pomwe mwayi wapezeka mowawo akuudutsitsa kumbuyo, lilime osalawako. Ndinaona kuti maso a bambo ankawala ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo unkawakhalitsa maso kuposa mankhwala onse.

Nkhani anaithetsa ndi amayi, akupinda zovala. Anati kumwa ndi pakamwa, ndipo palibe amene wanena zoti atsegule pakamwa. Anawakumbutsanso kuti iwo eni akhala akuthira sipiliti m'mitu ya anthu kuyambira ali mnyamata, abusa omwe, ndipo palibe anatuluka m'kachipinda kaja akudzandira. Bambo anati ngati zili choncho, amalume asapite nawo. Amalume anapita, chifukwa panalibe wina wowanyamula.

Anandilola kulowa kuti ndiziwagwira dzanja. Chinali chipinda chozizira, cha bedi lopapatiza lotha kupendekeka. Anawagoneka chammbali, mbali yodwala kumwamba, n'kuwapendeketsa pang'ono chakutsogolo ndi mapilo. Dokotala anati mowawo ndi wopepuka kuposa madzi a mumsana, umayandama, choncho uyenera kukwera kukapeza mitsempha yoyenera, ndipo bambo asagwedezeke ngakhale pang'ono. Anawapukuta pamsana, anabaya kaye kochititsa dzanzi, kenako singano yaitali ija. Ankathira pang'onopang'ono, kadontho, n'kuima, n'kufunsa kumene akumva kutentha. Bambo anati m'chiuno, ngati wina wawagunditsa simbi yositira. Zala zanga anazifinya mpaka kuyera. Dokotala anati ndi pomwepo, n'kuthiranso kadontho, n'kuwauza kuti agwedeze zala za kuphazi. Zinagwedera. Anapitiriza choncho, kufunsa ndi kuthira, mpaka kutentha kuja kunasanduka kufunda, kufunda n'kusanduka dzanzi.

Anawasiya chigonere momwemo kwa nthawi ndithu kuti mankhwala akhazikike. Ndinamva dzanja lawo likumasuka m'dzanja langa, ndipo ndinachita mantha, ndinawerama kuti ndione ngati akupuma. Maso anali otsegula. Ankayang'anitsitsa kumbuyo kwa mutu wa namwino wamwamuna amene ankatolera zida.

"Amene anakumetani uja," anatero bambo, mawu ali osasa, "musadzapitekonso."

Ululu unachoka, osati wonse, koma waukulu uja. Mofini anamuchepetsa kwambiri ndipo mutu wawo unabwerera. Malipiro ake analipo monga ananenera dokotala. Ntchafu yamanja inali ngati ya munthu wina, ukaitsina sankamva, ndipo bondo linkafooka mosachenjeza, moti anawapatsa ndodo ya chipatala. Kapaipi anakhala nako milungu ingapo, ndipo ankakabisa pansi pa bulangete ngati katundu wakuba, mpaka anadzakachotsa.

Tsiku lachiwiri ali kunyumba anati tiyi wazizira. Masana anati pilo wina ndi wolimba, winayo ndi wofewa mopitirira. Madzulo anapeza kuti khosi lawo linapindika pa bedi la chipatala lija ndipo mwina silidzawongokanso. Amayi anati "pepani abambo," n'kupita kukhitchini. Ndinawapeza ataima pasinki, madzi akutuluka pampope popanda chotsuka, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Mumsewu nkhani inafika mosiyana. Anthu anamva kuti a Sindinagone ayambanso kudandaula, ndiye kuti achira. Achibale amene ankadzaza pabalaza anabalalika, aliyense akukhulupirira kuti ndi mankhwala ake aja. A ku tchalitchi anabwera kudzathokoza, ndipo bambo anawalandira bwino, osatchula chimene chinathiridwa pamsana. Sizinathandize, chifukwa amalume anali atalengeza kale kumalo awo omwera kuti alamu awo anachiritsidwa ndi tambula imodzi yokha, ndipo kuti akanayamba kale sakanadwala n'komwe. Makasitomala anayamba kugogoda pakhomo, mitu itakula, kufunsa kuti atsegula liti.

Ine zinkandipweteka. Ndinkafuna kuima pamsewu n'kuuza aliyense kuti munthuyu sanachire. Bambo anandiletsa. Anauza wokonza njinga kuti awapezere mpando wautali, wa miyendo ngati ya kakowa, n'kuuika kumbuyo kwa mpando wometera kuti azimeta atakhala. Ankatsegula m'mawa mokha. Mzere wa pamphumi unawongokanso. Tsiku lina ndikusesa tsitsi atatuluka kasitomala womaliza, ndinawafunsa ngati akukumbukira zimene dokotala ananena. Anali akupukuta makina ndi kaburashi, ndipo sanasiye.

"Ndikudziwa, mwanawe. Apha galu wouwa, wakuba akadali m'nyumba. Koma galuyo ankandisowetsa mtendere kuposa wakubayo."

Anati anthu akamakuyesa wochira amakubweretsera mitu yawo, akamakuyesa wakufa amakubweretsera nkhope zawo, ndipo iwo nkhope anaziona zokwana.

Pamasiku opita kukaonedwa ku chipatala anayamba kunyamula makina ndi nsalu m'kachikwama. Mzere wa odikira unkakhala wautali, ndipo pafupi panali wodi ya amuna odwala khansa, ambiri a iwo atakhalitsa, tsitsi ndi ndevu zili nyankhalala. Anapempha chilolezo kwa namwino wamkulu, n'kuyamba kuyenda bedi ndi bedi, ndodo kutsogolo, ine ndi mpando kumbuyo. Kumeneko anapeza omvera amene sanawapezepo moyo wawo wonse, anthu oti ngakhale asanametedwe theka sakanatha kuthawa. Ankamumanga nsalu munthu wotsala mafupa okhaokha, wa mapaipi m'mphuno, n'kuyamba kumufotokozera za khosi lawo. Ndinkachita manyazi mpaka kufuna kulowa pansi. Koma amuna aja ankawakonda. Wina wa pabedi la pawindo, amene kale ankayendetsa malole, anandiuza kuti aliyense wobwera pamenepo amamufunsa kuti mukumva bwanji lero, ndipo anatopa nako kuyankha. Bambo anga okha ndi amene sankafunsa munthu. Iye ankangotseka maso n'kumati pepani, ndipo ankamva ngati ali kunja.

Panali mmodzi amene dokotala anamuuzanso za jakisoni yemweyo ndipo ankaopa. Bambo anamuuza zoona zake zonse, za simbi yotentha, za mwendo, za kapaipi, osachotsera. Za mowa anati zimenezo akafunse yekha.

Mitsempha inaphuka monga analonjezera. Inayamba ngati kunyerenyetsa m'ntchafu, bambo n'kusangalala kuti mwendo ukubwerera, koma umene unkabwerera sunali mwendo. Nthawi ino sanabise. Anandiitana n'kunditambasulira manja onse awiri. Dokotala anavomera kubayanso, atachenjeza kuti kachiwiri mwina sikagwira ngati koyamba, ndipo khansa inali itafika malo ena amene singano siikanawapeza. Kanagwira theka, ndipo kanatenga mwendo wonse. Kachipinda kometera sanakatsegulenso.

Anakhala pabedi la kuchipinda chakutsogolo, pafupi ndi windo, akumwa mofini wochepa woti n'kumatizindikira. Ndevu zitakula, amalume anabwera m'mawa wina asanalawe kanthu, manja akunjenjemera chifukwa cha kusalawako, n'kunena kuti lero awameta ndi iwo. Bambo anayang'ana manjawo, anayang'ana lumo, n'kupempha kuti agwiritse makina. Ankawalangiza ndi chala, apa, kwezani, osati choncho. Zinatenga m'mawa wonse. Atamaliza, amalume anawapatsa kagalasi. Bambo anadziyang'ana mbali iyi ndi iyo, n'kunena kuti alamu, penti muzipenta. Amalume anatuluka panja n'kukakhala pasitepe nthawi yaitali, ndipo palibe anawatsatira.

Anamwalira masana a tsiku lina la mvula, amayi ali pambali pawo akusoka batani. Pamaliro mkulu wa mpingo ananena kuti malemuwa anali munthu wopirira, amene ananyamula mtanda wake osatulutsa liwu lodandaula ngakhale limodzi. Anthu a mumsewu wathu anaweramitsa mitu kwambiri kuposa mmene pemphero limafunira.

Patapita milungu ndinapita ku chipatala kukabweza ndodo ndi mofini wotsala. Dokotala wa magalasi uja anandikhazika pansi n'kundifunsa ngati kunyumba tinkadandaula za jakisoni wachiwiri, poti anawalanda mwendo n'kuwapatsa zochepa. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndipo mpaka lero sindikudziwa. Za woyamba ndinati tikanavomeranso.

Potuluka ndinadutsa pakhomo la wodi ya amuna. Pabedi la pawindo panali munthu wina watsopano. Koma pafupi ndi chitseko panali mkulu wina amene ndinkamudziwa, tsitsi litamera mbali imodzi kuposa inzake chifukwa chogonera kumodzi. Anandizindikira, n'kufunsa kuti ometa aja abwera liti. Ndinamuuza. Anati pepani, pepani kwambiri, akusisita mutu wake. Kenako anandifunsa ngati ineyo ndimatha kumeta. Ndinati ayi, sanandiphunzitse.